Farwa ya Achimwene

Ine Awwad, mphunzitsi wopuma wa ku Mafraq, ndili ndi nthenda imodzi: sindingagule ngakhale singano ndisanafufuze. Akazi anga a Nofa amati ndikanamasankha mawu mmene ndimasankhira matimati pamsika, bwenzi ndili ndi abale ambiri. Amanena zoona, koma sindinawavomerepo pamaso.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, pa ukwati wa mwana wanga wamkazi, achimwene anga a Mifleh anabwera kuchokera kumudzi kwathu kuchipululu atavala farwa, chijasi chawo chowetera nkhosa. Inali farwa yeniyeni, zikopa za nkhosa mkati, nsalu yakuda kunja, koma yoti yagona panja zaka makumi awiri. Inkanunkha khola, utsi ndi mvula. M'holomo munali akuluakulu a zamaphunziro ndi asewere anga a ku Amman, onse onunkhira bwino. Ndinakumana nawo pakhomo, ndipo mmalo mowapsompsona ndinati, anthu akumva, "Achimwene, chinthuchi kachisiyeni m'galimoto. Anthu adya bwanji mansaf ndi fungo limeneli?"

Anandiyang'ana, anatembenuka, nkukwera pikapu yawo. Chichokereni tsiku limenelo sitinalankhulanenso. Pa Idi ndinkatumiza moni kudzera mwa ana, iwonso nkubweza kudzera mwa ana. Ndinkadziuza kuti iwo ndi amene anakokomeza nkhani. Munthu anasiya sukulu nkukaweta nkhosa kuti ine ndiphunzire, ine nkumuuza pagulu kuti akununkha, koma ayi ndithu, wokokomeza anali iye.

Ndiye mu Disembala chaka chatha a Nofa anaika foni pansi nkundiyang'ana.

"Bambo a Ziyad, amenewo anali alamu anu a Wadha. Akuti achimwene anu sakupeza bwino. Akungoti kuzizira, kuzizira, chitofu chili pambali pawo pomwepo."

"Akudwala chiyani?"

"Pitani mukafunse nokha. Ndi maola awiri basi, si ku Makka."

"Ndipite chimanjamanja?"

"Pitani ndi nkhope yanuyo. Ndi imene akuifuna, kaya akuifuniranji."

Pamenepo mpamene nzeru za uphunzitsi zinandifikira. Ndiwagulira farwa. Pakamwa panga panalakwira farwa, ndiye thumba langa lipepese ndi farwa. Ndikangowaveka pamapewa, nkhani yatha, palibenso chonena. Kunena zoona, mawu oti pepani ndi amene ndinkawaopa, ndipo ndinali wokonzeka kutaya madinari ambirimbiri kuti ndisawatchule.

Vuto linali loti ine, mwana wa abusa, sindinkadziwa kanthu za farwa. Zaka zonse ndinkavala jekete ya m'sitolo kuti anthu asandisokoneze ndi kumene ndinachokera. Choncho ndinagula kope la mizere, lofanana ndi la ana asukulu, nkuyamba kufunsa madoda a kumzikiti swala ikatha. Aliyense anali katswiri. Wina anati uuzire ubweya, ukagawikana uone chikopa pansi ngati chili choyera. Wina anati ununkhize, chifukwa chikopa chofufutidwa bwino ndi mchere ndi makoko a makangaza sichinunkha nyama. Hajji wina wopanda mano anandigwira dzanja nati, "Uchipinde, mphunzitsi, uike khutu. Chikalira ngati pepala, chauma, chikuthera chaka chomwecho." Ndinalemba zonse, ndinaikanso manambala.

Mfundo imene inandisangalatsa kwambiri inali yotentha. Akuti masiku ano kwadzaza ubweya wabodza wa kufakitale, ndiye uzule pang'ono uyatse. Weniweni umanunkha tsitsi nkusanduka phulusa, wabodza umasungunuka.

Ndinalowa m'sitolo yoyamba ndi kope kumanja, machesi kumanzere. Mwini wake atatembenuka kukandithirira khofi, ndinati ndiyese msangamsanga. Kuzula ndinaiwala, ndinangoyatsa pakolala pa farwa ina pomwepo. Ubweyawo unali wabodzadi. Unasungunuka bwino kwambiri, malo aakulu ngati chikhatho.

"Aphunzitsi, mwatani?"

"Ndimayesa."

"Ndiye mwapeza chiyani?"

"Ndi yabodza."

"Ndikanakuuzani ulere. Mtengo wake ndi madinari makumi awiri, mumayesa ndi nkhosa yanji imeneyo? Itengeni, ndi yanu tsopano."

Ndinafika nayo kunyumba farwa yopsa, ndipo a Nofa anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anati, "Sabata yatha, bambo a Ziyad."

"Ndikudziwa. Chinthu chabwino sichifuna phuma."

"Odwala ndi amene amafuna phuma."

Ndinayenda masitolo onse a ku Mafraq. Ndinapita ku Zarqa kawiri. Uku ndinakana chifukwa misoko inali yotalikirana, uko chifukwa zikopa zinali za mitundu iwiri, kwina chifukwa wogulitsa anandiyankha mwamwano. Ndikapeza yabwino ndinkagwidwa, osati ndi chimwemwe ayi, koma ndi mantha, poti yabwino ikapezeka ndiye kuti mawa ndi ulendo. Ndiye ndinkaifunafuna chilema mpaka kuchipeza. Sabata yachiwiri a Wadha anaimbanso, akuti akudya pang'ono. Ine nkuti ndatsala pang'ono kupeza.

Sabata yachitatu wina anandilozera kwa mkulu wina wa ku Raqqa, Abu Hamad, amene anathawa nkhondo kwawo ndi singano zake nkutsegula kachipinda kuseri kwa msika wa ndiwo. Iyeyu amasoka yekha. Anandipatsa farwa imodzi yaikulu nkundisiya ndiuzire, ndinunkhize, ndipinde, ndikoke ubweya, iye akungomwa tiyi. Nditatulutsa machesi anati, "Mbiri yanu inafika kale kuno, aphunzitsi. Bweretsani, ndikuzulirani ndine."

Zonse zinakhoza. Ndinatsegula kope, ndinachonga mfundo zonse khumi ndi zinayi, chilema osachipeza. Ndinamva ngati andikola.

"Mwandifunsa mafunso ambiri," anatero Abu Hamad. "Ine ndili ndi limodzi. Ndi ya ndani?"

"Ya achimwene anga."

"Thupi lawo?"

Ndinakweza dzanja pamwamba pa mutu wanga. "Amandiposa chonchi. Mapewa ngati chitseko."

"Zaka?"

"Makumi asanu ndi awiri, kuposerapo pang'ono. Akudwaladwala."

Anaika kapu pansi. Anakatenga ina yaifupi, ya ubweya wopotana wa tiana ta nkhosa, nkundiika pamkono. Inali yopepuka moti ndinaikayikira.

"Akuluakulu ndi odwala ndimawapatsa iyi. Imene mumayesa ija ndi ya munthu wogona panja ndi ziweto. Muli zikopa za nkhosa zazikulu, imalemera. Munawaona liti achimwene anuwo?"

Funso limeneli linandipsetsa mtima, chifukwa linali labwino. "Bambo, achimwene anga amanyamula nkhosa yamphongo pakhosi kuchoka kudambo mpaka kukhola. Musandipatse ka akazi. Ndipatseni yaikulu kuposa zonse."

"Ndalama ndi zanu, m'bale ndi wanu," anatero, nkuyamba kuikulunga. Anandichenjeza kuti ndisadzaisunge m'pulasitiki ndipo chilimwe ndiziitulutsa ipitidwe mphepo. Ndinalembanso zimenezo m'kope, mfundo ya khumi ndi chisanu.

Mmawa mwake zifukwa zinandithera. A Nofa anaika okha mtolowo m'galimoto nkundipatsa makiyi m'manja. Njira yonse ndinkayeserera. Ndilowa, ndipereka salamu, ndiitambasula, ndiwaponyera pamapewa, iwo aseka nati, "Iwe Awwad, chitsiru iwe," basi tikhala pansi nkumwa khofi. Ndinayeserera mpaka kaseka kawo.

A Wadha anandilandira pakhomo. Sanadabwe, sanakondwe. "Mwafika, alamu. Lowani, ali maso."

M'chipindamo munali motentha moti magalasi anga anachita nthunzi. Nditawapukuta ndinaona matiresi pafupi ndi chitofu, ndi mabulangete atatu, ndi kamunthu pansi pake. Ndinawazindikira ndi manja okha. Manja anali omwe aja, aakulu, koma olumikizidwa ku mikono ya munthu wina.

"Ndidzutse, Wadha," anatero. "Kwabwera mlendo."

Liwu loti mlendo linandilasa, ndipo linandiyenera. Ndinati asavutike, koma a Mifleh sanalandirepo munthu atagona. Akazi awo anawagwira m'khwapa nkuwaimika. Mutu wawo unandifika pachibwano.

Munthu wanzeru akanasiya mtolowo pakona. Koma ine ndinali nditayeserera maola awiri, ndipo ndinalibe china chokonzeka. Ndinamasula, ndinatambasula, ndinawaika pamapewa. Farwa inafika pansi nkutsala ina yokwawa. Anaima nayo kamphindi, akuyesetsa, ndikuona nsagwada zikulimba. Kenako mawondo anapinda. Ndinawawakha asanagwe, ndipo m'manja mwangamo cholemera chinali farwa, osati iwo.

Tinawagoneka. Anapuma nthawi yaitali, maso ali chotseka. Ine ndinagwada pamenepo ndi manyazi oti sindinawamvepo chibadwire, kuposa a farwa yopsa ija kutalitali. A Wadha analankhula motsitsa, akukonza pilo, osandiyang'ana. "Tsiku ndinaimba koyamba lija ankayendabe mpaka kukhola."

"Bweretsa kuno," anatero achimwene.

Ndinawasendezera m'mphepete mwake. Anauzira ubweya ndi kampweya kochepa kamene anali nako, anapinda chikopa pafupi ndi khutu, anayendetsa chala pamsoko. Zimene ine ndinatolera masabata atatu m'kope, iwo anazichita osaganiza nkomwe.

"Sanakubere," anatero. "Ndi yabwino. Koma unagulira ndani, mphunzitsi?"

"Inu, achimwene."

"Ameneyo anapita kalekale. Ukanamabwera ukanamuona akupita."

Ndinafuna kufotokoza za ubweya wabodza, za ku Zarqa, za mkulu wa ku Raqqa. Zimene zinatuluka zinatuluka zokha, ndi mawu a mwana.

"Achimwene, ndinalakwa. Pa ukwati paja. Pepani."

"Ndikudziwa kuti unalakwa. Ndinalipo."

A Wadha anaseka kamodzi, nkubisa nkhope m'mpango. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinaibise.

"Basi, usandinyowetsere chikopa," anatero achimwene. "Chotsa mabulangetewa, sathandiza. Ndifunditse imeneyi."

Ndinawafunditsa, ubweya kuthupi. Patapita kanthawi ndinaona kunjenjemera kwa mapewa kukuchepa, koma kupuma kukuvuta.

"Ikutentha bwino," ananong'ona. "Koma ikundikhala pachifuwa."

"Ndiichotse? Ndikasinthitsa mawa, kuli ina yopepuka, ndinaiona ndi maso anga, ubweya wake..."

"Iwe ukapitanso kumsika udzandipeza kumanda. Khala pansi. Igwire apa, uikweze pang'ono."

Ndinakhala pamphepete pa matiresi, ndinalowetsa dzanja pansi pa kolala, nkuinyamula pang'ono kuti isawapsinje. Anapuma mozama, kawiri, katatu, kenako anagona. A Wadha anabweretsa tiyi nkumuika pambali panga, koma ndinalibe dzanja lomunyamulira, poti lina linali litagwiridwa ndi achimwene. Mkono unachita dzanzi kuyambira paphewa mpaka kuzala. Kumzikiti anaitana swala ya masana, anadzaitananso ya madzulo, ine ndili pomwepo, nditanyamula farwa ija kuti mkulu wanga apume.