Sola pa Thandala la Makaka

Chikwama cha Hector chinakhala pakhomo sabata yathunthu, zovala zili m'kati. Ananenetsa kuti zinthu zikapanda kusintha pofika Loweruka, akwera basi ya ku Joni. Mkazi wake Belita ankachilambalala chikwamacho ngati galu woluma, mtima ukumuwawa.

Vuto linali batire la m'babashopu yawo pa Nkhulambe. Ikangokwana thu koloko, mashini ometera ankangoti zii, munthu n'kutuluka atametedwa mbali imodzi. Makasitomala anayamba kuthawa.

Nanga moto ukanachuluka bwanji? Sola yodzaza batirelo Hector anaikhomera padenga moyang'ana kumsewu, pafupi ndi mtengo wa mango, kuti odutsa aziona kuti pano pali sola. Odutsa ankaionadi, koma dzuwa linkangoisuzumira.

Lachinayi m'mawa kunabwera Fraser, mkulu wake wa Hector, wokonza mawayilesi ku Migowi, atanyamula kabokosi.

"Kontirola yakoyi, yolowetsa moto wa sola m'batire, ndi yachikale, imataya moto," anatero Fraser. "Iyi ndi yanzeru. Imasakasaka yokha pamene pali mphamvu yambiri."

Analumikiza mawaya, ndipo tsikulo mashini anafika fo koloko. Fraser anayenda chodzikweza, koma Hector anapukusa mutu. Anthu ochokera kumunda amabwera madzulo, ndiye fo koloko ithandiza chiyani?

"Alamu," anatero Belita, "kabokosi kanu kakusaka bwino, koma kakusaka pamthunzi. Ine makaka sindiyanika malo amodzi tsiku lonse. Mawa chotsani kanuko, mundipatse solayo."

Amuna awiriwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sola ayiyese chinangwa chouma? Komabe anaizula padenga, poti Belita akalimbikira chinthu sabwerera.

Lachisanu anaiika pathandala, pakati pa makaka ake, kontirola ili yachikale ija. M'mawa anaitsamiritsa pamtondo kuti iyang'ane ku Mozambiki. Masana anaigoneka chagada. Dzuwa litapendeka anaitembenuzira kuphiri. Nthawi iliyonse akapita kukatembenuza makaka ankaisuntha, n'kuipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje.

Mashini anafika faifi koloko.

"Kabokosi ka ndalama zonse zija kagonja kwa mtondo!" anafuula Hector, misozi ya chiseko ili mbwee.

Fraser anakanda mutu, kenako nayenso anaseka. "Mlamu, mwandichititsa manyazi. Koma tamverani, inu mwapeza dzuwa, kanga kamadziwa kulifinya. Mawa tiphatikize."

Loweruka linali la msika. Belita anatembenuza sola, kabokosi kanasaka, Hector anameta. Anameta akabaza, aphunzitsi, ogula nandolo, ngakhale mkulu wa mpingo amene analumbira kuti sadzabweranso atapita kutchalitchi ndi theka la ndevu. Dzuwa linabisala kuseri kwa phiri kanyale ka batire kakadali kobiriwira.

Hector anatuluka tsitsi la anthu lili thupi lonse. Anayang'ana chikwama chija, n'kuyang'ana mkazi wake.

"Mayi a Hilda, basi ija imanyamuka nthawi yanji kodi? Ndaiwala."

Belita anakhuthulira zovala pamphasa, nadzaza chikwamacho ndi makaka mpaka zipi kukana kutseka, uku akuimba nyimbo ya kwaya mokweza.

"Alamu, tengani," anatero akuchimangirira pa njinga ya Fraser. "Chikwamachi musabweze."