Kuwerama kwa Dokotala wa Makutu

"Zimitsa chinthu chimenecho, chindiphera makutu!" anakuwa achimwene anga a Nathan atangotsika pa kabaza, zala zili m'makutu.

Ndinazimitsa injini, azimayi omwe anali pamzera n'kuyamba kung'ung'udza. Abambo anali panja, atakhala pathumba la gaga akusoka lamba wa makina, ndipo sanacheuke n'komwe. Chigayo chathu cha pa Champiti chinali chitawadya makutu pang'onopang'ono. Chigayo chomwecho n'chimene chinaphunzitsa a Nathan mpaka kutenga digiri ya za makutu, koma tsopano ankachiyang'ana ngati chimbudzi chodzadza.

Anandikokera kuseri n'kuyamba kundifotokozera, chifuwa chili patsogolo. Masukulu awiri anali atawalola kukachita digiri yachiwiri. Sukulu ina inali ku Joni, komwe bungwe lina linalonjeza kuwalipirira zonse, azikaphunzira miyezi ingapo n'kumabwerera kudzayeza odwala kuchipatala cha paboma kumene ankagwira ntchito. Inayo inali ku Mangalande, yodzilipirira wekha.

"Ndiye mwasankha ya ku Joni," ndinatero.

"Joni? Kumene kumathamangira aliyense wolephera Fomu 2? Tisunge, uziganiza. Anthu akamva kuti Nathan ali ku Joni aziti ndikutsuka magalimoto."

"Nanga ya ku Mangalande ikuphunzitsa chiyani choposa inzakeyo?"

Anakanda m'mutu, n'kukonza kolala. "Dzina, mlongo wanga. Dzina lake limalemera."

Za maphunziro enieniwo sanatchulepo ngakhale liwu limodzi. Nditafunsa kumene ndalama zichokere, analoza chigayo ndi mlomo. Wogula anali atamupeza kale, wamalonda wina wa paboma. Chinangotsala n'chakuti abambo avomere pamaso pa mboni, bambo aang'ono a Thomas, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti chigayo chinapita mwachinyengo.

"Abambo sangalole," ndinawauza. "Tonse tikudya pomwepa."

"Avomera. Iwe udzangotseka pakamwa."

Kwathu mwana salankhula ndi bambo ake ali chiimire. Amanjuta chapambali, nkhope pansi, mawu otsika, ndipo kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano. Koma abambo anali atafika pomamva ndi maso: akapanda kuona milomo yako, mawu ako angopita ndi mphepo. Komanso anali munthu wosafuna kuoneka wochepa. Kusiyana n'kuti anene kuti sanamve, ankangogwedeza mutu n'kuti, "Eya, zili bwino." Tikakhala awiri m'chigayo ndinkawayang'ana kumaso n'kumalankhula mokweza, koma pagulu sindinkayerekeza.

A Nathan zonsezi ankazidziwa kuposa tonsefe. Tsiku lina ndinawapeza kuchipatala akukalipira mayi wina yemwe anabwera ndi mwamuna wake wosamva. "Mayi, muzimuyang'ana kumaso polankhula! Mukawerama mukumutsekera kunja!" Ndinanyadira tsiku limenelo, chitsiru ine.

Patapita tsiku limodzi a Nathan atabwera, masana tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Abambo ndi a Thomas anali pamipando, ine pamphasa nditangopereka thobwa. A Nathan, munthu yemwe sakhala pabenchi asanayalepo kampango, anabwera n'kunjuta m'fumbi. Anasankha mbali ya kumanzere kwa abambo. Anaomba m'manja mofatsa, n'kuweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

"Sukulu sinamuwononge mwanayu," anatero a Thomas, akunyambita milomo. "Ena akangovala tayi amaiwala kuti ali ndi mawondo."

Achimwene anayamba kulankhula ndi kamawu kosalala, konong'ona, koti ngakhale ine wamakutu awiri ndinachita kutchera. Anatchula Mangalande. Anatchula ulemerero wa banja. Za chigayo anazinena mofulumira, akuyang'ana nyerere. Sindibisa, nthawi imeneyo ndinadana nawo.

Abambo anayang'ana paliwombo pa mwana wawo, poti ndi pokhapo pamene pankaoneka. Kenako anayang'ana a Thomas, n'kuona kuti akumwetulira.

"Eya," anatero. "Zili bwino."

"Mwamva nokha, bambo aang'ono," anatero a Nathan, liwu litabwerera mwakale.

Ndinaimirira. Ndinadutsa pakati pa amuna atatuwo, n'kukaima kutsogolo kwa abambo, nkhope yanga moyang'anizana ndi yawo. Ndinalankhula pang'onopang'ono, mokweza moti nkhuku zinabalalika.

"Abambo, akuti mugulitse chigayo. Apite ku Mangalande. Sukulu yaulere ya ku Joni aikana."

"Iwe Tisunge!" A Thomas anamenya ndodo pansi. "Mwana wamkazi kuimirira pamaso pa bambo ake? Wamwa chiyani? Khala pansi msanga!"

"Ndikhala akamva."

"Mwauona mwanowo?" anatero a Nathan. "N'chifukwa chake anathera pa chigayo ameneyu."

Abambo sanachotse maso pamilomo yanga. "Chigayo?" anafunsa ndi liwu lawo lalikulu la munthu wosadzimva. "Chigayo changachi? Zimenezo ndi zomwe ndavomera?"

Ndinagwedeza mutu. Abambo anasisita khutu lakumanzere ndi chala chachikulu.

"Khutu ili unaliyeza ndiwe, Nathan," anatero. "Unandiveka zinthu zako zija kumutu, n'kundilembera papepala kuti linafa. Lero wabwera kudzakhala mbali yomweyi."

A Thomas anatsokomola n'kuyamba kufufuza kanthu m'chikho cha thobwa. Zotsatira zake sizitalika: chigayo chikulirabe mpaka lero, a Thomas sanandiyankhe moni mpaka nyengo yokumba mbatata, ndipo ku Mangalande kunapita ena. Koma chimene chimandibwerera ndikakumbuka tsikulo si zimenezo.

Abambo anatambasula dzanja lawo lokhakhala, n'kugwira chibwano cha mwana wawo monga amachitira ndi mwana wokana mankhwala. Anachidzutsa, n'kuchitembenuza mpaka maso anakumana.

"Tanenaninso, adokotala," anatero. "Ndikuyang'ana."

Abambo anasendera pafupi, maso ali tcheru pamilomo yophunzirayo, kudikira liwu loyamba.