Moni wa pa Mpopi

Abambo anga anamwalira mu Juni 1986, chiperoni chitakuta phiri sabata yathunthu. Anatisiyira jekete imodzi, njinga yopanda mabuleki, ndi nyumba ya kampani imene inkaluma anthu.

Nyumbayo inali pa esiteti ya tiyi, yomangidwa nthawi ya atsamunda. Abambo anali kalaliki wolemba makilo a tiyi, koma magetsi a m'nyumba ankakonza okha. Ankati munthu wodziwa kulemba sangagonje kwa waya. Chifukwa cha iwo tinakula ndi malamulo amene ana a nyumba zina sankawadziwa. Ukafuna kusita, yamba wazimitsa wailesi. Swichi ya kubafa uyatse ndi mthiko. Ndipo usagwire mpopi wa kukhitchini opanda patapata kuphazi, chifukwa unkakugwedeza dzanja mpaka m'chigongono.

Titaika maliro sindinabwererenso ku koleji ku Blantyre, kumene ndinkaphunzira zamagetsi. Kunali kutatsala chaka chimodzi. Aphunzitsi anandilembera kalata yabwino kwambiri, ine ndinakolezera mbaula.

Kalata ya kampani ndiyo sindinaiwotche. Inati nyumba ndi ya wantchito, ndipo wantchitoyo kulibenso. Ine ndi amayi tinayenera kupita kwa amalume ku Milonde, kumene anthu khumi ndi mmodzi ankagona m'zipinda ziwiri.

Ndinapita kwa a Pilato, mnzawo wakale wa abambo komanso mkulu wa amagetsi pa esitetipo, amene ankafuna wachiwiri wawo.

"Setifiketi ulibe, Morris," anatero. "Ndiye mayeso ako ndi nyumba yanu yomweyo. Ndibwera Lachisanu. Ndikaipeza ili bwino, ntchito ndi yako, mukhalamo. Ikandiluma, yambani kumanga mitolo."

Masiku atatu ndinakhala m'siling'i, magetsi nditazimitsira pa mita panja. Ndinapezamo mawaya olumikizidwa ndi malegeni, ena okulungidwa mapepala a shuga. Pamwamba pa chipinda changa ndinapeza waya wa mabuleki a njinga aja. Ndinakhala pa mtanda, fumbi lili mbuu, ndikuseka mpaka kuseka kunasanduka china.

Zonse ndinasintha. Nditafika pa mpopi, amayi anaimirira pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

"Pamenepo ayi."

Chiyambire maliro, m'mawa uliwonse amayi ankavula patapata, n'kugwira mpopiwo. "Mwadzuka bwanji, bambo a Morris?" Mpopi unkawagwedeza, iwo n'kuyankha, "Inenso ndadzuka, zikomo."

"Amayi, si abambo amenewo," ndinatero. "Waya wa babu la panja anaukulunga ku payipi, ndiye makoswe anaukukuta. Tsiku lina pansi padzanyowa kwambiri, udzakuphani."

"Akadzandipha ndiye kuti andiitana. Ndi amuna anga, iwe zikukukhudza pati?"

"Nanga nyumba?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu munthu uja sanandigwirepo dzanja dzuwa likuwala. Lero wayamba, iwe ukuti umuchotse ndi pulayala?"

Ndinagonja. Ndinamanga mpopiwo chiguduli, n'kukonzeka kunama kuti ndi wowonongeka.

Lachisanu masana a Pilato anafika. Amayi anali atapaka polishi pansi mpaka munthu kudziona, ndiye mlendoyo anavula nsapato pakhomo. Anayenda chipinda ndi chipinda akugogoda masoketi, akugwedeza mutu mokhutira. Swichi ya kubafa anayatsa ndi chala, ine mtima unadumpha mwachizolowezi.

"Bokosi la mafyuzi lili kuti?"

Ndinaloza pakhoma la pabalaza. Bokosilo litada ndi utsi zaka zapitazo, abambo anaphimbapo ndi chithunzi cha Pulezidenti, podziwa kuti palibe woyendera nyumba amene angachitsitse. Inenso sindinayerekeze. Nyumba yoyang'anana nafe inali ya atcheya a nthambi ya chipani, ndipo akazi awo ankasankha nyemba pa khonde tsiku lonse, nyemba zosatha.

A Pilato anayang'ana chithunzicho, anayang'ana zenera.

"Tseka katani."

Ndinatseka.

"Ayi, tsegula. Aziti tikubisa chiyani?"

Ndinatsegula. Tinachinyamula awiri, manja anayi, ngati mwana wakhanda. A Pilato anakuwira kuzenera, "Tikungopukuta fumbi, mayi! Fumbi lachuluka chaka chino!" Anachikhazika pa mpando wabwino koposa, n'kuchiwongola kuti chisapendekeke.

M'bokosimo, pamalo pa waya wa fyuzi, panali msomali wa mainchesi atatu, wakuda bii.

A Pilato anausolola, anauyang'anitsitsa, ndipo mawu awo anatsika. "Msomali uwu ndi wanga. Ndinamupatsa Winston, bambo ako, mu 1971, fyuzi itapsa pa chinkhoswe cha mlongo wake. Ndinati ndi wa tsiku limodzi, mawa abwere adzatenge yeniyeni." Anapukusa mutu. "Zaka khumi ndi zisanu. Nyumba iyi sinapse chifukwa moto unkachita manyazi."

Tinaikapo fyuzi yoyenera. Manja awo anali atada ndi mwaye, ndipo ndisanatsegule pakamwa anali atalowa kukhitchini. Amayi anathamanga ndi beseni. "Alamu, madzi ndi awa!"

"Musavutike, mpopi ndauona."

Anamasula chiguduli chija. Anali ndi masokosi okha, ndipo pansi pa sinki panali ponyowa.

Sindinadziwe kuti munthu wa zaka zimenezo angavine tchopa yekha, popanda ng'oma. Anakuwa m'Chilomwe mawu amene sindingalembe, n'kukagwera m'dengu la mbatata.

"Akukupatsani moni anzanu," anatero amayi modekha. "Ayankheni."

A Pilato anadzuka pang'onopang'ono, akugwira chigongono. Anandiyang'ana, ndipo sanali kuseka.

"Yandiluma, Morris."

Ndinayamba kuganiza za m'mene bedi la amayi lingakwerere pa njinga yopanda mabuleki mpaka ku Milonde.

"Alamu," anatero amayi, "munati Lachisanu?"

"Ndinatero."

"Lachisanu limatha nthawi yanji?"

A Pilato anayang'ana wotchi. "Kwa ife a kampani, belu la kufakitale likalira. Folo koloko."

"Tulukani nonse."

Amayi anatseka chitseko cha khitchini. Tinaima pabalaza ngati ana olangidwa, chithunzi chija chikutiyang'ana pa mpando, ndipo tinamva zonse. Amayi anawakalipira abambo za msomali, za mabuleki, za kugwetsa mlendo m'mbatata. Anawakalipira chifukwa chokana kupita kuchipatala mwezi wathunthu, akuti ndi chimfine. Kenako mawu anachepa, sitinamvenso kanthu, ndipo a Pilato anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma mwachidwi chachikulu.

Chitseko chinatseguka. Amayi ankapukuta dzanja lamanja pa chitenje.

"Achotse. Ndawauza kuti tizionana kumanda Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ngati anthu ena onse."

Ntchitoyo inanditengera mphindi makumi awiri. Ndinamasula waya wokukutidwa uja, ndinakoka watsopano kutali ndi payipi, ndipo payipiyo ndinailumikiza ku chitsulo chokhomera m'nthaka. A Pilato anayeza ndi tesita kawiri. Kenako anavula masokosi, anatsinzina, n'kugwira mpopi ndi dzanja lonse. Madzi okha ndiwo anatuluka.

Belu linalira tikupachika chithunzi, pambali pa bokosi ulendo uno.

"Lolemba sikisi koloko," anatero akumanga nsapato. "Ubwere ndi pulayala yako. Msomaliwo sunga, koma ndikadzauona m'fyuzi ndidzakumezetsa."

M'mawa mwake ndinadzuka amayi asanadzuke. Sindikudziwa chimene chinandipititsa kukhitchini opanda patapata. Ndinagwira mpopi, ndinaugwirabe, nthawi yaitali. Unali wozizira basi. Ntchito yanga inali yabwino kwambiri, ndipo ndinadana nayo.

"Sakuyankha?" Amayi anali ataima kumbuyo kwanga.

"Ayi."

"Ndi khalidwe lawo. Ali moyo ankateronso." Anandipatsa ketulo. "Tunga madzi, poti waugwira kale."