Mapaipi Osatsekeka

Sipanala anali atalowetsa mutu pansi pa sinki, miyendo ili panja, akumasula paipi yomwe sinali kudontha n'komwe. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, poti chilichonse chomangika iye ankafuna achimasule, ndipo linamukanirira mpaka pano imvi zayamba. Ntchito anatengeranso ya bambowo, yokonza mapaipi m'nyumba za anthu.

Chiikire maliro a bambo ake, munthuyu sanakhale pansi. Anasintha mpopi wa kubafa, anakwera padenga kukasuzumira m'thanki, anatsika, anakweranso. Olira ena amagona chafufumimba, koma uyu ankalira ndi zida m'manja, ndipo nyumba yonse inatopa naye.

Mlongo wake wamng'ono analowa ndi mbale zakuda, n'kuima pafupi ndi miyendoyo.

"Achimwene, mbalezi titsukira kuti?"

"Dikira pang'ono." Mawu anachokera pansi pa sinki. "Mawa ndikupita kuchipatala kuja. Dokotala ameneyo akandiuze bwinobwino. Munthu wamujambula mtima ndi makina, wamuuza kuti ali bwino, chaka chisanathe wagwa pa ntchito. Ndi udokotala umenewo?"

Mlongoyo anaika mbale pa tebulo mwamphamvu. Ndi iye anawaperekeza bambo tsiku lojambulitsa lija, ndipo nkhaniyi inali itamukhala pakhosi sabata yonse ya maliro.

"Dokotala sananene kuti ali bwino. Ndinalipo ine."

Sipanala anatulutsa mutu.

"Anationetsa pa kompyuta," anapitiriza mlongoyo. "Anati mitsempha ya mtima sinatsekeke, magazi akudutsa. Koma anatilozera mafuta ozungulira mtsempha umodzi, anati asintha maonekedwe, ndiye kuti mtsemphawo ukutupa. Anati wotero umatha kutsekeka mwadzidzidzi munthu akuyenda. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku."

"Ndiye bambo sanamve?"

"Anamva zonse. Tili m'basi anandiuza kuti, 'Ine ndakalambira pa mapaipi. Madzi akamadutsa, sugumula khoma la mwini.' Mapiritsi anamwa botolo loyamba lokha."

Sipanala anadzuka, anapukuta manja pa ovolosi, anapita pa zenera, anabwerera. Ankafuna kukalipira munthu, ndipo woyenera kukalipiridwayo tsopano anali m'manda. Zinamuwawa kwambiri.

"Sizinathere pomwepo," anatero mlongo wake. "Dokotala anati matendawa amayenda m'magazi, ana awo tikajambulitse. Ine ndinapita. Mwatsala inu."

"Ine ndilibe vuto."

"Alamu andiuza kuti mukakwera makwerero mumaima pakati, dzanja pachifuwa."

"Mkazi wanga amayankhula zambiri. Ndi mpweya chabe umene uja. Munthu wodwala mtima angakwere padenga? Magazi akuyenda ine."

Mlongoyo anaseka, koma misozi ili m'maso. "Mawu a bambo enieni. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, achimwene. Mukufuna ana anu adzamasulenso masinki?"

"Usatukwane bambo anga ali m'manda."

"Ndi bambo anganso."

Sipanala anatola chikwama cha zida n'kulunjika ku khomo, koma pakhomopo panali mayi awo. Chiyambire m'mawa anali kuchipinda akupinda zovala za malemu, ndipo khitchini ya nyumba imeneyo siibisa mawu. Anali atanyamula malaya amodzi pa mkono.

"Ukupita kuti sinki ili chomasula?"

"Ndikubwera, amayi."

"Khala pansi."

Sanakhale, koma anaima. Mayiwo anayang'ana mwana wawo wamkazi. "Wati bambo ako anati chiyani m'basi muja?"

Mlongoyo anabwereza: madzi akamadutsa, sugumula khoma la mwini.

"Anakunamiza," anatero mayi. "Iwe sukudziwa ntchitoyi, n'chifukwa chake anauza iwe. Akanayerekeza kumuuza uyu?" Anatembenukira kwa Sipanala. "Tanena, wagwira nawo ntchito zaka zonsezi. Akalowa m'nyumba yoti mipopi yonse ikutuluka bwino, ankayamba n'chiyani?"

Sipanala anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe."

"Ankayenda m'mbali mwa khoma," anayankha motsitsa mawu. "Akugunditsa kuseri kwa dzanja."

"Akapeza pozizira?"

"Ankagumula."

"Mwini nyumba akakalipa kuti madzi akutuluka bwinobwino?"

"Ankagumulabe. Ankati paipi imayamba kulira m'khoma isanaphulike."

"Basi. Dokotala uja anawauza zomwe iwo ankauza anthu tsiku lililonse. Anamvetsa kuposa tonsefe." Mayi anasisita kolala ya malaya aja. "Bambo anu anali amantha, ana inu. Jakisoni ankamuthawa ngati mwana. Kumwa mapiritsi aja kunali kuvomera kuti akudwala, ndiye anabisala kuseri kwa mwambi wopeka okha. Ine ndinawanyengerera, ndinakalipa, mpaka ndinatopa. Uyu yekha sinditopa naye."

Anapatsa mwana wawo wamkazi malayawo n'kusendera kwa Sipanala. Anali wamtali kuposa iwo, moti mayiwo anachita kukweza mkono. Anagunditsa kuseri kwa dzanja pachifuwa pake, pamwamba pa thumba la ovolosi, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono chakumanzere, mutu atapendeketsa monga ankachitira malemu pa khoma la eni. Pamene dzanja linaima, sanalichotse.

Chikwama cha zida chinatsetsereka pa phewa la Sipanala mpaka pansi. Anafunsa mlongo wake osamuyang'ana.

"Kojambulako amatsegula nthawi yanji?"