Abakha a Yu Sukinem ndi Utoto wa Marjuki

Tandiyankhani ichi, inu amene munakhalitsa pa benchi ya sukulu kuposa ine. Ndili ndi ana mazana awiri, onse oyenda mogwedeza matako. Salima, koma amadya m'munda wa aliyense, ndipo m'mawa uliwonse amandisiyira mphatso m'udzu osanena kanthu. Ndani amenewa? Basi, mwakanda mutu mokwanira, mungachotse tsitsi. Ndi abakha, abale anga, abakha!

Kwathu ku Kalisonggo kunalibe woweta abakha woposa Yu Sukinem; kwathuko "Yu" ndiko kuti achemwali. Mwamuna wake pomwalira anamusiyira nyumba yodontha ndi tiana ta bakha khumi ndi tiwiri. Nyumba ikudonthabe mpaka lero, koma tiana tija tinaswana mpaka kufika mazana awiri ndi makumi anayi. Munda analibe, ngakhale woti n'kuyalapo mphasa. Akangomva kuti kwakuti akolola mpunga, ankapinda mpanda wake wansungwi, lona ndi ketulo, n'kukweza zonse pamodzi ndi abakha pa kalole ka mlamu wake, ulendo. Akafika ankapita kwa mwini munda ndi mazira m'chipewa, kukapempha kuti abakha atole mpunga wogwa ndi nkhono. Ndani angakane? Wokana abakha wakana manyowa.

"Inu muli ndi munda umodzi umodzi," ankatero monyada. "Ine ndadya m'minda yonse, kuchokera kuphiri mpaka kunyanja."

Chaka chimene ndikunenachi anakamanga lona wake ku Rowosari, ndipo pafupi naye panadzamanganso Marjuki. Marjuki ameneyu anakhala zaka zisanu ku Jakarta akunyamula anthu pa njinga yamoto. Anabwerako ndi magalasi akuda ndi pakamwa posatseka, n'kugula abakha zana limodzi ndi makumi asanu.

"Yu, kuweta abakha ndi nkhani ya mutu, osati ya miyendo," ankatero. "Inu mumangoyenda ngati wotayika. Ine zonse ndinaonera pa foni."

"Chabwino, Juki," ankayankha Sukinem. "Foniyo uziitumanso ikatole mazira."

Mutu umenewo unkatandala pa kanyumba ka khofi m'mbali mwa msewu, ndudu pakamwa, kufotokozera anthu kutalika kwa nyumba za ku Jakarta. Abakha ake ankangoyenda okha ngati ana amasiye. Tsono bakha wopanda mbusa amalowa pa nazale ya mpunga ya eni ake, ndipo zikatero eni mudzi safunsa kuti ngwa yani, amathamangitsa oweta onse. Choncho Sukinem, uku akutukwana chamumtima, ankawakusa pamodzi ndi ake. M'mawa ankawatsogolera ndi nsungwi yake yaitali ya kansanza koyera kunsonga, dzuwa likapendeka n'kuwabweza. Zinatero masabata atatu.

Tsiku lina anapita kumsika kukagulitsa mazira. Pobwera anapeza abakha ambiri ali ndi utoto wabuluu pakhosi. Anawerenga opanda utoto, anabwerezanso kuwerenga. Makumi asanu ndi limodzi mwa ake anali atasanduka abuluu.

Anathamangira ku kanyumba ka khofi chipewa chili m'manja.

"Juki! Utoto wako wakwera bwanji pa makosi a abakha anga?"

"A Yu, musapse mtima, mungadwale," anatero Marjuki osachotsa magalasi. "Ndangolemba anga kuti tisamasokonezane. Umu ndi momwe timachitira ife odziwa bizinesi. Wabuluu aliyense ngwanga. Mawa lole ikubwera, ndikupita nawo kwina."

"Wa phazi long'ambika uja ndinamusoka ndekha ndi ulusi wa m'thumba la fetereza! Lero ngwako?"

"Nanga dzina lanu lalembedwa pa phazipo?"

Sukinem anawerengera mumtima. Abakha makumi asanu ndi limodzi, oikira okhaokha, ndiwo zaka ziwiri za kugona m'minda ndi kulumidwa ndi udzudzu. Pepala analibe, mboni analibe. Koma pa benchi pomwepo panali Mbah Wiryo ("Mbah" ndiko kuti agogo), mkulu wogawa madzi m'minda ya ku Rowosari, munthu wozolowera milandu ya anthu onyowa miyendo.

"Utoto ngwa m'sitolo, aliyense angagule," anatero Mbah Wiryo, akuuzira khofi wake. "Tifunse abakha eni akewo. Dzuwa likapendeka, wina azike nsungwi yake uku, wina uko, muwaitane. Bakha akapita kwa iwe, ngwako."

"Zophweka!" anakuwa Marjuki, akumenya tebulo. "Anga akangomva mawu anga amabwera ngati ana kwa bambo. Yu, mukalira musati sindinanene."

Atatuluka anthu mu mzikiti madzulo aja, mudzi wonse unatsikira kuminda. Amayi anasiya mpunga pa mphasa, ogulitsa khofi anatseka kanyumba. Abakha onse anali pakati pa munda, milomo m'matope, osadziwa kuti ali pa mlandu.

Marjuki anabwera ndi nsungwi yatsopano, komanso ndowa ya deya wosakaniza ndi nsomba zouma. Fungo lake linafika mpaka kumsewu.

"Mbah, ndowayo ikuloledwa?" anafunsa mayi wina.

"Sitinaletse," anatero Mbah Wiryo.

Apa Sukinem anaona ngozi. Bakha ndi wa mimba, ndipo kumene walowera mmodzi, onse amatsatira. Akanatha kutaya khola lonse, osati makumi asanu ndi limodzi okha. Anazika nsungwi yake yakale ija, n'kuima chilili.

Marjuki anagwedeza ndowa. "Bwerani, bwerani kwa abwana! Tiyeni!" Mitu inadzuka m'matope. Abakha angapo anatembenukira kwa iye, n'kuyamba kuyenda. Iye anayang'ana anthu, mano onse pamtunda.

Sukinem anadikira mpaka abakhawo atatsala pang'ono kufika pa ndowa. Kenako anagwedeza kansanza koyera kamodzi kokha, n'kutulutsa mawu ake aja a tsiku ndi tsiku, amene amamveka midzi iwiri: "Riii, ri-ri-ri-ri!"

Abale, mukanaona! Munda wonse unatembenuka ngati mphasa ikupindidwa. Opanda utoto patsogolo, abuluu pambuyo, kwee kwee kwee, mzere umodzi osaduka, mpaka onse analowa mu mpanda wa Sukinem. Ngakhale aja anali atanunkhiza kale deya anabwerera chothamanga. Kwa Marjuki kunatsala ndowa ndi ntchentche.

"Mwaona nonse," anatero Mbah Wiryo. "Monga tinapanganira, onsewa ndi ake a Sukinem."

Sukinem anavala chipewa chake bwinobwino, n'kukweza chibwano.

"Mbah, ine za eni sindidya. Anga ndi mazana awiri ndi makumi anayi, ndipo aliyense ndikumudziwa nkhope. Juki, lowa utenge ako. Paja umawadziwa."

Marjuki sanafune kugonja anthu akuona. Anapinda buluku, analowa mu mpanda, anathamangitsana nawo mpaka magalasi anagwera m'matope. Potsiriza anagwira mmodzi wonenepa, wonyezimira, n'kumukweza m'mwamba.

"Uyu ndiye simungandinamize! Ngwanga weniweni, mfumukazi ya khola langa. Dzira tsiku lililonse, nthawi zina awiri! Ndimatola ndi manja angawa!"

Bakha uja anatsegula mlomo, n'kutulutsa kamawu kosasa ngati nkhalamba ya chifuwa. Mbah Wiryo anayandikira, anayang'ana nthenga yopotana pamwamba pa mchira, n'kuvula chipewa chake mwaulemu.

"Mwana wanga, ndakalamba ndi abakha, koma wamphongo woikira mazira ndamuona lero. Awiri pa tsiku! Umusamale, adzakulipirira ulendo wopatulika wa Haji."

Chiseko chinaphulika mpaka mbalame zinauluka m'minda. Amayi anagwirana mapewa, wina anakhala pansi m'matope osadziwa, wogulitsa khofi anachita kutsokomola. Marjuki anangoima, matope mpaka m'mawondo, mfumukazi yake yamphongo ikumujompha pa chala.