Chikwangwani cha Apongozi

Anzake kuntchito ankamutchula kuti Dikishonale. Ankagulitsa m'sitolo ya mabuku akale, ndipo makasitomala akachepa ankakhala kuseri kwa kauntala n'kumafukula mawu a Chingelezi amene ngakhale eni chilankhulocho anawasiya kalekale. Sankangowaloweza ayi, ankafuna kudziwa kumene anachokera. Mnzake akafika mochedwa, maso ali psuu ndi tulo, iye ankati, "Wafika slugabed," kutanthauza munthu wokakamira pabedi dzuwa litakwera. Bwana wawo wokonda masuti owala anali popinjay, mawu amene poyamba ankatchulira mbalame ija yotengera zolankhula za anthu, kenako n'kukhala dzina la munthu wodzionetsera. Kukoma kwa mawu otere kunali kwakuti umatha kumunyoza munthu pamaso, iye n'kumamwetulira.

Mkazi wake atabereka mwana woyamba, apongozi ake aakazi anabwera kudzathandiza. Anali telala, choncho anabwera ndi makina awo osokera n'kuwaika pabalaza, pafupi ndi windo, pomwe iye ankakhalira powerenga. Analinso mayi wapakamwa. Nsapato wavulira polakwika, mwana wamunyamula ngati katundu, mabuku akewo ndi amene akuitana mphemvu m'nyumba.

Loweruka lina masana atabwera kuchokera kuntchito anapeza dikishonale yake yaikulu, ya chikuto chofiira, ili pansi pa mwendo wa tebulo la makina.

"Amayi, bukulo..."

"Tebulo limagwedera. Ndayesa ena aja koma ndi opyapyala, lakwana ndi lokhali. Mulitenga ndikamaliza diresi."

Iye anatembenuka kuti azipita kuchipinda. "Beldam," anatero chapansipansi.

Makina anaima. Mayiwo anali ndi makutu akuthwa.

"Mwati chiyani, bambo a mwana?"

Akanatha kunena kuti amatsokomola. Koma pakamwa panathamanga pokha.

"Ndi mawu akale a Chingelezi, amayi, ochokera ku Chifalansa. Bel ndiye kuti wabwino, wokongola. Dam ndiye mayi. Kalelo ndi mmene ankatchulira agogo aakazi."

Sananame. Zonsezo zinalimodi m'buku lija linali pansi pa tebulo. Anangodumpha mzere wotsatira, wonena kuti m'kupita kwa zaka mawuwo anavunda, nayamba kutanthauza nkhalamba yonyansa ndi yankhanza, yonga mfiti. Ndipo iye ankanena za mzere umenewo.

Apongozi anavula magalasi. "Tanenaninso."

Anabwereza.

"Belidamu," anayesera iwo, kenako n'kuseka ngati kamtsikana. "Ine ndimayesa simukundifuna pano."

Ananyamula okha tebulo, anasolola bukulo, analipukuta ndi kansalu n'kumupatsa ndi manja awiri. Pamalopo anapindapo katoni.

Kuyambira tsikulo mayiwo anasintha. Iye akatsegula buku, ankatsitsa wailesi. Akachedwa kuntchito, ankamuvundikirira chakudya kuti chisazizire. Anamusokera mabatani onse amene anathothoka pamalaya ake, osapemphedwa. Nthawi zina ankamufunsa, "Lero mwafukula mawu anji?" n'kumvetsera singano ili pakamwa. Chabwino chilichonse chimene ankamuchitira chinkamukhala pamtima ngati mwala. Chakudya chovundikira chija ankachidya osachimva kukoma. Kuntchito anasiya kutcha anthu maina, mpaka mnzake uja anafunsa ngati akudwala.

Mwana atayamba kukhala pansi, apongozi anapeza kachipinda pamzere wa mashopu pafupi ndi pokwerera basi, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Tsiku losamutsa makina anamuitana kuti adzaone. Anapeza wopenta ali pamakwerero, akumalizitsa chilembo chomaliza. Pamwamba pa chitseko panali zilembo zikuluzikulu zachikasu: BELDAM. Pansi pake, tizilembo ting'onoting'ono: Timasoka madiresi aukwati ndi mayunifolomu.

Iye anatembenukira kwa apongozi ake.

"Amayi, bwanji mukanasankha dzina lina? Ili anthu sadzalimvetsa."

"Akapanda kumvetsa adzafunsa, ine n'kuwauza. Ndidzati anandipatsa ndi mkamwini wanga, munthu wa mabuku." Anamugwira pamkono, chinthu chimene anali asanachitepo. "Apongozi anu aamuna aja, mpaka kumwalira, dzina langa linali 'iwe'. Ndiye mundilole ndinyadireko."

Madzulo ake mkazi wake anali kukhitchini, akutsuka mabotolo a mwana. Anali atajambula chikwangwanicho kuti atumizire abale, ndipo mchemwali wake anafunsa tanthauzo. Anafufuza pafoni. Kenako Dikishonale analowa. Mkaziyo anangopukuta manja n'kumulozetsa foniyo kumaso. Mizere yonse iwiri inali pomwepo, woyamba ndi wachiwiri.

"Tsiku limenelo mumatanthauza uti?"

Dikishonale anayang'ana mabotolo.

"Ndikufunsa inu, bambo a mwana."

"Wachiwiri. Anaika buku langa pansi pa tebulo, ndiye ndinapsa mtima. Sindinkadziwa kuti amva."

"Ndiye chinalakwika n'chakuti anamva?"

"Ayi. Mawa ndipita ndikawauze zonse. Chikwangwanicho ndifufuta ndekha."

"Simupita." Mkaziyo ankalankhula motsitsa kuti asamveke pabalaza. "Mukufuna mukatule katundu wanuyo pamutu pa amayi, inu muziyenda mopepukidwa? Mwawaona mmene akusekera masiku ano? Mchemwali wanga ndamuuza tanthauzo loyambalo, basi. Inunso mutseke pakamwa."

"Nanga akadzamva kwa wina?"

"Tsiku limenelo mudzayankha nokha. Ine musadzandiyang'ane."

Anabwerera ku mabotolo ake. Sabata yonseyo ankalankhula naye za mwana zokha.

Shopu inayamba kuyenda bwino. Masana mwana ankakhala komweko ndi agogo ake, ndipo ntchito yokamutenga inali ya bambo ake akaweruka. Tsiku lililonse ankatsika basi maso ali pansi, koma zilembo zachikasuzo ankaziona ndithu. Anthu a pamzerewo anali atayamba kale kuwaitana mayiwo kuti a Belidamu, iwo n'kumavomera mokweza.

Tsiku lina anapeza mayi wina wovala bwino, atanyamula mafayilo, ataima panja akuwerenga chikwangwanicho. Mayiyo anapendeketsa mutu, anamwetulira pang'ono, n'kutulutsa foni kujambula. Dikishonale anaima chilili pafupi ndi ometa tsitsi. Sanadziwe ngati mayiyo ankawadziwa mawuwo kapena anangokopeka ndi utoto. Anadikira kuti aone ngati alowe. Mayiyo anaika foni m'chikwama n'kumapita.

Dikishonale analowa mkati akupuma ngati wathamanga. Mwana anali m'tulo pakamatiresi pakona, pakati pa zidutswa za nsalu zoyera.

"Musamudzutse kaye," anatero apongozi, akuvula tepi yoyezera m'khosi. "Imani apa. Yatsala nsalu yabwino ya buluu, ndikufuna ndikusokereni malaya."

"Amayi, musavutike. Ndili nawo ambiri."

"Ambiri ake ati, othothoka makolala aja? Tambasulani manja."

Anatambasula. Iwo anayeza mapewa, anayeza mikono, kenako anazunguliza tepi pachifuwa n'kuigwira ndi chala.

"Mukuonda, bambo a mwana. Kodi kunyumbako mukudya?"

"Ndikudya, amayi."

"Ndisiyako malo pang'ono, mwina mubwerera m'thupi. Musagwedezeke."

Iye anaima choncho, manja ali tambalale, mpaka anamaliza.