Sipika ya Kumanzere

Achimwene analowa chafutambuyo, atakumbatira ampulifaya yatsopano ngati khanda, akukuwa kuti wina asunthe tebulo. Chiikireni maliro a bambo, aka kanali koyamba munthu kukweza mawu m'nyumbamo, ndipo chitsiriza, mlongo wawo, anangozindikira akuseka. Koma mtima unali m'mwamba. Ankadziwa kuti masipika a bambo akangolira bwino ndi makina amenewa, achimwene awanyamula lero lomwe, amayi n'kutsala pabalaza pali zii.

Achimwene, munthu woti akagula chinthu msewu wonse umadziwa, anali ndi mfundo zawo. Ati masipika akuluakulu chonchi amafuna ampulifaya yamphamvu, osati kachikale ka bambo kaja, kowonongeka, kokuwa kumanzere n'kumanong'ona kumanja. Anazula mawaya, n'kulumikiza yawoyo, n'kuyatsa nyimbo.

Nyumba inagwedezeka. Makapu anayamba kulira m'kabati, alamu anavula nsapato, ngakhale azakhali, amene analira mpaka kusasa mawu, ankagwedeza phewa mobisa. Chitsiriza nayenso anavina misozi ili m'maso, poti nyimboyo inali yapamtima pa bambo ndipo inali isanamvekepo mokoma chonchi.

Amayi okha anangokhala duu pampando wawo, atapendeketsa mutu.

"Mwayatsa, inde," anatero, "koma woimbayo akuti chiyani? Ine ndikungomva kugunda."

Chitsiriza anagwada n'kubwezera mawaya ku ampulifaya yakale, achimwene akung'ung'udza kumbuyo. Apa m'pamene anaona kabatani kogawa mawu pakati pa masipika awiriwo. Sikanali kowonongeka ayi. Kanapotozedwa dala kumanzere, n'kumatidwa ndi selotepi kuti adzukulu asakakhudze. Sipika ya kumanzereyo inali pafupi ndi mpando wa amayi, moyang'ana khutu lawo lokhalo limene linkamvabe. Mpando wa bambo unali kumanja, konong'ona kuja.

Nyimbo inabwerera, yaing'ono, yopendekera. Amayi anayamba kuimba nawo osaphonya liwu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi bambo ankangomva theka la nyimbo?" achimwene anafunsa.

"Ankati theka linalo amalimvera kwa ine," anayankha amayi.

Achimwene anachita manyazi, ndipo sanabise. Anakulunga mawaya awo pang'onopang'ono, za masipika osazitchulanso. Asanatuluke anawerama, n'kukanikiza ndi chala selotepi ija pomwe inayamba kumatuka.